Mboni Yopanda Kwawo

Nyengo ya mayeso itafika, mphunzitsi wina wa ziyankhulo za Chibantu, munthu amene imvi zinamumerera akusanthula aneni, anapeza pa tebulo pake kafukufuku wa mtsikana wina wofuna digiri yachiŵiri. Mutu wa kafukufukuyo unali wakale ndithu: ndondomeko imene misintho ya mneni imatsata m'Chicheŵa pamene yakumana iŵiri kapena itatu pa tsinde limodzi. Onse amene analimako munda umenewu akudziŵa kuti Larry Hyman ndi Sam Mchombo anaonetsa, m'chaka cha 1992, kuti msintho wochititsa ukakumana ndi wochitira, wochititsa ndiwo umatsogola, ngakhale pamene tanthauzo likadafuna kuti utsatire. Mcheŵa amati kuphikitsira, kulembetsera, kugulitsira. Sanena kuti kuphikiritsa kapena kulemberetsa. Mu 2003 Hyman anaitambasula mfundoyi, nanena kuti ndondomeko ya wochititsa, wochitira, wochitirana ndi wochitidwa ndi choloŵa chimene ziyankhulo zambiri za Chibantu zinalandira kwa kholo lawo limodzi.

Tsono pakati pa mutu wachinayi mphunzitsiyo anaima. Mtsikanayo anali atandanda ziganizo zisanu ndi chimodzi m'mene msintho wochitira unatsogola, wochititsa nkubwera pambuyo, ndipo panalibe ndi chimodzi chomwe chimene anachiika kanyenyezi, chizindikiro chija chimene akatswiri amaika patsogolo pa mau amene mwini chiyankhulo sangaŵanene. Pansi pa ziganizozo analemba molimba mtima kuti lamulo la Hyman ndi Mchombo silikwanira. Mtima wa mkuluyo unadumpha, pakuti sichinali chinthu chosatheka. Chicheŵa cha ku Kasungu si Chimang'anja cha ku Chikwawa, Chinyanja cha ku Chipata si cha ku Likoma, ndipo cha ku Angonia, m'dziko la Mozambique, chili ndi zakezake. Mwina mwanayu, iye anaganiza motero, wakumana ndi nkhalamba ya kudera lina imene yasunga zimene mabuku sanazimvepo. Zikadakhala choncho, ndiye kuti anali atatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

M'maŵa mwake anamuitanitsa.

"Mayi, ziganizo izi anakuuzani ndani? Kwawo nkuti?"

"Aphunzitsi, ndalemba zonse pa mndandanda wa mabuku. Taonani pa chilembo O."

Analembadi. Pakati pa maina a akatswiri panali mzere waukhondo: OpenAI pa malo a mlembi, kenaka chaka, kenaka dzina la ChatGPT ndi mtundu wake, ndipo pomaliza keyala ya pa intaneti. Mpumiro ndi mipatuliro zonse zinali m'malo mwake. Mtsikanayo sanabe, sananame, sanabise. Anachita zonse zimene buku la malangizo la sukuluyo linamuuza, ndipo anakhala pa mpando ndi nkhope ya munthu amene akuyembekeza kuyamikidwa. Chimene chinamusoŵetsa mtendere mphunzitsiyo ndicho chimenecho: mlandu unalipo, koma lamulo lothyoledwa panalibe.

Apa mpofunika kukumbukira m'mene malamulo ameneŵa anabadwira. ChatGPT inatulutsidwa pa 30 Novembala 2022, ndipo pasanathe miyezi iŵiri dzina lake linali litaoneka kale pakati pa maina a alembi a nkhani zina za sayansi. Mu Januwale 2023 magazini ya Nature inakana mchitidwewu, niti makina ocheza ndi anthu sangakhale mlembi, koma amene waŵagwiritsa ntchito anene poyera m'gawo lofotokoza njira za kafukufuku kapena m'mau othokoza. Magazini ya Science inayamba ndi kuletseratu mau olembedwa ndi makina, kenaka mu Novembala chaka chomwecho inafeŵetsa lamulolo, nilola malinga mlembi aulule. Bungwe la COPE, loona za khalidwe labwino pa kusindikiza, linapereka chifukwa chake mu Febuluwale 2023: makina sangasenze udindo pa zimene alemba. A MLA anatulutsa malangizo a katchulidwe mu Malichi, a APA mu Epulo, ndipo sanagwirizane nkomwe, pakuti a APA anaika kampani pa malo a mlembi pamene a MLA anati malowo asiyidwe, mzerewo uyambe ndi funso limene munthuyo anafunsa.

Zonsezi nzabwino, ndipo palibe woganiza bwino angazinyoze. Komatu amene anazikonza anali ndi nkhaŵa yawoyawo. Iwo ankaopa kuti munthu angatenge ndime yolembedwa ndi makina nkuitcha yake, kapena kuti angatchule mabuku amene sanalembedwepo, monga anachitira maloya ena a ku New York amene khoti linaŵalipiritsa madola 5,000 mu Juni 2023 chifukwa chopereka milandu yopeka. Funso lawo linali lakuti, mau aŵa ndi a yani? Koma m'maphunziro a ziyankhulo chiganizo choikidwa pa nambala si ganizo lobwereka kwa wina ayi. Ndicho chinthu chenichenicho chimene chikupimidwa, monga mwala m'manja mwa katswiri wa miyala. Funso la pamenepo ndi lina: kodi alipo munthu amene amayankhula chotere, ndipo ngati alipo, anakulira kuti? Pa funso limeneli mzere waukhondo uja unali duu.

Usiku umenewo mphunzitsiyo anatsitsa mabuku akale amene anali atakhalitsa osaŵatsegula. Anayamba ndi la Sigismund Koelle, Polyglotta Africana, la 1854. Koelle anasonkhanitsa ku Freetown mau pafupifupi 300 m'ziyankhulo zoposa 100, kuchokera kwa anthu amene anaomboledwa mu ukapolo. Chodabwitsa, poganizira nthaŵi imene ankagwira ntchito, nchakuti sanangolemba mauwo: analembanso za anthu amene anamuuza, maina awo, kumene anabadwira, njira imene anadzera, ndi zaka zimene anakhala kutali ndi kwawo. Mmodzi mwa iwo anali Mateke, amene chiyankhulo chake Koelle anachitcha Marawi. Nthaŵi yomweyo, kutsidya lina la Afrika, pafupi ndi Mombasa, Johannes Rebmann anali kulemba mau a kapolo wina wodziŵika ndi dzina la Chiswahili lakuti Salimini, wochokera cha ku dera la Lilongwe; ntchito imeneyo, ya m'zaka za 1853 ndi 1854, inasindikizidwa mu 1877, Rebmann atamwalira kale. Kumene anthu a lero amati zaka ziŵiri, Mateke ankayamba mau onse aŵiri ndi dz, pamene Salimini ankayamba ndi bz. Amishoni aja akadangolemba kuti "Anyanja amatero", kusiyana kumeneku kukadaoneka ngati kulakwitsa kwa khutu la mzungu. Koma popeza mboni zinatchulidwa pamodzi ndi kwawo, katswiri wa lero angathe kuona kuti kumwera ndi pakati anthu ankayankhula mosiyana zaka 170 zapitazo. Momwemonso galamala ya Mark Hanna Watkins ya 1937 imaŵerengedwa mwanzeru chifukwa zimadziŵika kuti amene ankafunsidwa anali Kamuzu Banda, wophunzira wa ku Chicago, mwana wa ku Kasungu amene anali atachoka kwawo kalekale.

Si onse anachita ngati Koelle, ndipo zimenezi siziyenera kubisika. Mabuku ambiri otanthauzira mau a nthaŵi ya atsamunda anamangidwa pa misana ya aphunzitsi, alaliki ndi omasulira Achiafrika amene maina awo sanafike pa chikuto, ena ngakhale m'mau oyamba. Zinatenga zaka kuti akatswiri avomereze kuti kumeneko kunali kulakwa pa ulemu ndi pa sayansi pomwe. Nchifukwa chake chinamuŵaŵa mkuluyo kuona kuti m'kafukufuku wa mtsikanayo makina analandira mzere wawo wathunthu pakati pa akatswiri, pamene anthu a kumudzi kwawo, amene anamuthandiza pa mitu ina, anangoŵamanga mtolo umodzi wakuti "eni chiyankhulo anafunsidwa". Ndipo Chicheŵa chochepa chimene makinawo amadziŵa anachitola m'zolemba za atolankhani, omasulira mabuku a mipingo ndi anthu wamba olemba pa intaneti, amene palibe angaŵatchule. Kutchula OpenAI monga mwini wa ziganizo za Chicheŵa kuli ngati kuthokoza mwini chigayo chifukwa cha chimanga chimene analima ena.

Wina angatsutse, ndipo mtsikanayo anatsutsadi atabweranso, kuti akatswiri akhala akupeka ziganizo kuyambira kale. Kodi njuchi, alenje, anyani ndi mikango zimene zadzaza zolemba za Mchombo anazimva pa bwalo? Ayi ndithu, anazipeka. Koma anazipeka munthu amene anayamwa chiyankhulocho, amene dzina lake lili pamwamba pa nkhaniyo, amene angafunsidwe pa msonkhano nkuteteza chiganizo chake kapena kuchibweza. Akaika kanyenyezi, ndiye kuti khutu lake lakana, ndipo katswiri wa ku Lusaka kapena wa ku Zomba angathe kunena kuti khutu langa likulola, tsono kafukufuku nkupita patsogolo. Makina alibe khutu lotero. Anaphunzira pa zolembedwa, ndipo kalembedwe ka Chicheŵa sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liu: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika zimalembedwa chimodzimodzi, khungu la pa thupi ndi khungu la maso chimodzimodzinso, ndipo mneni ngati ndinathandiza amasintha nthaŵi yake malinga ndi phatikizo limene liu lakwera. Chimene makinawo amachita ndi kulosera mau amene angatsatire mau anzake. Pa Chingerezi, pamene anaŵerenga zosaŵerengeka, kuloserako kaŵirikaŵiri kumalondola. Pa Chicheŵa, pamene anangolaŵa, amadzaza mipata ndi zimene zikuoneka ngati Chicheŵa.

Mphunzitsiyo sanafune kupambana ndi mau okha. Anamuuza mtsikanayo kuti atsegule kompyuta yake pomwepo ndi kufunsanso funso lomwe lija. Apa mpamene zinadziŵika kuti funsolo silinali lakuti kodi ndondomeko yotere ilipo. Linali lakuti, ndipatse zitsanzo m'mene msintho wochitira watsogolera wochititsa. Makinawo, monga mlendo waulemu amene safuna kukhumudwitsa mwini nyumba, anapereka zitsanzo, koma sizinali zija za poyamba. Atafunsidwa kachitatu anaperekanso zina. Kenaka mkuluyo anati aŵauze kuti ziganizozo nzolakwika. Makinawo anapepesa, navomera, nafotokoza mwadongosolo chifukwa chake nzolakwika. Mtsikanayo anakhala chete nthaŵi yaitali. Mboni imene imasintha umboni malinga ndi nkhope ya wofunsa, bwalo la mfumu silingaimvere, ngakhale itatchula dzina la bambo wake momveka bwino. A APA eni ake anazindikira mbali ina ya vutoli m'malangizo awo a 2023, pamene anati woŵerenga sangathe kupezanso yankho limene mlembi analandira, kotero nkwabwino kuika kukambirana konseko kumapeto kwa nkhani. Mtsikanayo sanachite zimenezo, ndipo akadachita, woŵerenga aliyense akadaona funso lotsogolera lija nkudziŵa pamene panagona nkhani.

Choopsa chenicheni chinali cha m'tsogolo. Kafukufuku akavomerezedwa masiku ano amaikidwa pa intaneti. Katswiri wa ku Cape Town, ku Leiden kapena ku Berkeley amene sayankhula Chicheŵa, koma akuyerekeza ziyankhulo makumi angapo za Chibantu, akadatola ziganizozo nkuziika m'nkhani yake, potchula mtsikanayo, osatinso makina. Wachitatu akadatchula wachiŵiriyo. Aliyense wa m'maphunziro ano akudziŵa m'mene chitsanzo chimodzi chimayendera m'mabuku kwa zaka zambiri popanda wobwerera kukafunsa mwini chiyankhulo. Pomaliza makina ena akadaŵerenga zonsezo nkuziphunzira ngati Chicheŵa chenicheni. M'nyanja dontho la utoto silioneka, koma ziyankhulo zimene zolembedwa zake nzochepa zili ngati chitsime cha pa mudzi.

Mpaka apa mkuluyo anali woŵeruza, ndipo mpando umenewo ngwokoma. Koma m'kabati mwake munali kanthu kena. Miyezi ingapo m'mbuyomo iye anali atatumiza nkhani yake ku magazini ina ya kunja, ndipo asanatumize anaipereka kwa makina omwewo kuti asalaze Chingerezi chake ndi kufupikitsa chidule cha pachiyambi. Pa pepala lotumizira panali funso lofunsa ngati anathandizidwa ndi makina. Iye analidumpha. Anadziuza kuti kusalaza chiyankhulo si kulemba, ndipo m'menemo munali zoona, pakuti osindikiza ena safuna kuti munthu aulule ngati makina angokonza kalembedwe ka mau ndi zizindikiro. Koma chifukwa chenicheni sichinali chimenecho. Kwa zaka zambiri akhala akumubwezera nkhani zake ndi mau akuti apeze mwini Chingerezi amukonzere, mau amene anzake a ku Ulaya sankaŵalandira ngakhale Chingerezi chawo chikhale chopunduka. Tsopano anali atapeza womukonzera wosanyoza, wosalipiritsa zambiri, wosatopa. Kuulula kukadakhala kuvomereza pamaso pa anthu omwe aja kuti zimene ankanenazo zinali zoona.

Manyazi ameneŵa si a munthu mmodzi, ndipo amene amalemba malamulo a kuulula angachite bwino kuŵaganizira. Mu 2023 akatswiri a ku Stanford anayesa zida zimene zimati zimazindikira zolembedwa ndi makina, napeza kuti nkhani zoposa theka zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo zinanamiziridwa kuti nza makina, pamene za ana a sukulu a ku Amereka zinazindikiridwa bwino pafupifupi zonse. Kampani ya OpenAI inachotsa chida chake chotere mu Julayi chaka chomwecho chifukwa chinkalakwitsa kwambiri. Tsono mlembi wa kuno ali pakati pa moto ndi madzi: akalemba yekha amakayikiridwa, akathandizidwa nkuulula amapeputsidwa, akathandizidwa nkubisa amakhala ndi mlandu mumtima. Komabe mkuluyo, poŵerenganso chidule chija, anapeza kuti makina sanangosalaza. Pamene iye analemba kuti mchitidwe wina umapezeka m'madera amene anafufuza, chidulecho chinati umapezeka m'Chicheŵa. Mau aŵiri atatu anachoka, chiganizo chinakongola, ndipo umboni wa maboma aŵiri unasanduka umboni wa chiyankhulo chonse. Iye anali ataŵerenga chidulecho kaŵiri asanatumize, osaona kanthu, chifukwa chinkamveka bwino.

Anazindikira tsono kuti iye ndi wophunzira wake analakwa mosiyana koma pa chinthu chimodzi. Mtsikanayo anatchula makina koma sananene chimene anachita nawo. Iye sanaŵatchule nkomwe. Onse aŵiri anamumana woŵerenga njira yodziŵira pamene ayenera kukayika. Ndipo kuulula kumene kuli ndi phindu m'maphunziro ano ndi kumene kumafanana ndi zimene Koelle anachitira Mateke: kunena makina ati, a mtundu uti, tsiku liti, anafunsidwa chiyani ndi m'chiyankhulo chiti, anakhudza mbali iti ya ntchito, ndipo koposa zonse, ndani wa mnofu ndi magazi amene anapima zimene makinawo anatulutsa. Dzina la kampani pa mndandanda wa mabuku lingakhalepo kapena ayi, malinga ndi mwambo wa magazini. Zimenezo nza akonzi. Koma chiganizo chimene palibe mwini chiyankhulo anachinena kapena kuchivomereza sichiyenera kulandira nambala pakati pa zitsanzo, pokhapokha ngati nkhaniyo ikufufuza makinawo eni ake, monga ena achitira ndi Google Translate chiyambire pamene inalandira Chicheŵa mu 2014.

Analembera mkonzi wa magazini ija kalata yaifupi, yopempha kuti chidule chibwerere m'mene chinaliri ndi kuti m'mau othokoza aonjezere ziganizo ziŵiri zonena kuti Chingerezi cha nkhaniyo chinakonzedwa mothandizidwa ndi ChatGPT, kuti zitsanzo zonse za Chicheŵa zinachokera kwa anthu otchulidwa m'gawo lachiŵiri, ndi kuti zolakwa zotsala nzake. Kalatayo anailemba yekha, ndipo inamutengera madzulo onse. Asanaitumize anamuonetsa mtsikanayo, chinthu chimene mphunzitsi wa msinkhu wake sachita kaŵirikaŵiri.

"Ndiye kuti nanunso, aphunzitsi?"

"Nanenso, mayi. Kusiyana kwake nkwakuti inu munalemba pa chilembo O."

Sanamulepheretse. Anamupatsa milungu itatu, namuuza kuti atenge ziganizo zija apite nazo kwa anthu, aziŵerenga mokweza chimodzichimodzi, osafotokoza chimene akufuna kumva, ndipo alembe za aliyense msinkhu wake, dera limene anakulira, ziyankhulo zina zimene amayankhula, ndi dzina lake ngati mwini wake walola. Mtsikanayo anapita kwawo ku Dedza, nafunsanso anzake a ku Kasungu, a ku Chipata ndi a ku Mulanje amene anali pa sukulupo. Palibe amene anavomereza. Aŵiri anazengereza pang'ono, kenaka anabwereza chiganizocho atachikonza okha, wochititsa patsogolo, osadziŵa nkomwe kuti asintha kanthu. Ndipo zimenezo, mphunzitsiyo anamuuza pambuyo pake, zinali umboni wamphamvu kuposa kukana kwa enawo.

Mutu wachinayi unalembedwanso. Ziganizo zisanu ndi chimodzi zija zinatsalamo, chilichonse ndi kanyenyezi kake, ndipo kukambirana konse ndi makina kunaikidwa kumapeto pamodzi ndi funso lotsogolera lija, tsiku lake ndi mtundu wa makinawo. Pa tsamba lotsatira panali mndandanda wa anthu ofunsidwa. Woyamba anali agogo ake aakazi a mtsikanayo, mlimi wa mbatata amene anakulira m'mapiri a ku Dedza ndipo amamvanso mau ena a Chingoni. M'kabuku kake ka kumudzi mtsikanayo anali atalemba kuti ataŵaŵerengera chiganizo cha kuphikiritsa, agogowo anasiya kusenda mbatata, namuuza kuti abwereze. Atabwereza anaseka, nafunsa kuti amene wamuphunzitsa kuyankhula chotero ndi mwana wa yani, ndipo kwawo nkuti. Mphunzitsiyo anamuuza kuti funso limenelo alikopere m'mau am'munsi monga m'mene agogowo analinenera.